Mayina Anayi a m'Kaundula wa Dibi

1983, Nathenje

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinaweta mbuzi, ndinakwapulidwa kusukulu, ndinakhoza mayeso. Zimenezo aliyense wa msinkhu wanga angakuuzeni. Ndiyambira tsiku limene boma linandipatsa njinga yakapalasa, jombo ndi kaundula wachikuto chakuda, n'kundituma kukakhala mlangizi wa ziweto pa dibi lina kufupi ndi Nathenje, dera lakwathu. Kwa inu amene mwakulira m'tauni, dibi ndi chidzenje chachitali cha simenti, chodzaza madzi a mankhwala, m'mene ng'ombe zimalumphira n'kusambira kuti nkhupakupa zife. Bwana wanga woyamba anali a Msiska, munthu wosaseka ndi wantchito koma woseka ndi ng'ombe. Akabwera kudzayendera sankayamba n'kulonjera, ankayamba n'kutsegula kaundula. "Mnyamata," ankatero, "ng'ombe imene sunailembe kulibe. Lemba mtundu wake, nyanga zake, make ndi mwini wake." Ndinawamvera mpaka kupitirira muyeso. Pomatha zaka zitatu ndinkatha kuona thole panjira n'kutchula make ndi agogo ake, ndipo sindibisa, ndinkadzitama nazo.

1989, Mitundu

Anandisamutsira ku dibi la kumadzulo kwa Mitundu, njira yolowera ku Dzalanyama. Kumeneko ndinapeza ntchito yachiwiri imene boma silinandilembere. Kutamwalira a Chalendewa, mkulu amene anali ndi khola lalikulu kuposa onse, mphunzitsi amene anayenera kuwerenga mbiri ya malemu anatsekeredwa ndi mtsinje. Anthu anayang'anayang'ana n'kuona ine ndili ndi cholembera m'thumba la malaya. Mbiri ya pamaliro ili ndi njira yake: anabadwa liti, kwawo n'kuti, anakwatira ndani, wasiya ana angati ndi zidzukulu zingati. Ine ndinawonjezapo zimene sizinali papepala, zakuti a Chalendewa chaka cha chilala ankakama mkaka n'kugawira ana a eni, ndiponso kuti sanalole ngolo yawo kulipiritsa wodwala. Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo kuyambira pamenepo maliro alionse a dera lija uthenga unkafika kwa mfumu, kwa adzukulu okumba manda, ndi kwa ine. Ndawerengera mbiri anthu ambiri amene anakalambira m'midzi imeneyo: mayi Nagama amene anakana kugulitsa ng'ombe yawo yopanda mano ati inawalerera ana, a Jelemiya osula makasu, ndi ena oti kuwatchula onse pepala lingathe. Ndinkauza mayi anu kuti m'dera lija munalibe munthu kapena ng'ombe imene sindinkaidziwa.

1993

Tsiku lina la dibi kamwana ka ng'ombe kanalumpha molakwika, zikuluzikulu n'kukapondereza pansi pa madzi. Tonse tinangoti kakasi, poti mankhwala aja si osewera nawo. Munthu wina wamfupi amene ankaonerera pampanda anavula malaya, n'kulowa m'dibimo mpaka m'khosi, n'kukatulutsa atakakumbatira. Ndinamukalipira kwambiri uku ndikumuthira madzi a pachitsime, iye akungoseka. Ameneyo anali a Likaka, tenanti wa pa esiteti ya fodya yapafupi, mmodzi mwa anthu amene ankabwera pa malole kuchokera kumwera. Sabata yotsatira anabweranso, ndi inayonso, mpaka anasiya fodya n'kukhala munthu wa padibi. Malo a ntchito analibe, malipiro analibe; alimi ankangowapatsa chimanga ndi mtedza. Koma manja awo anali a mankhwala. Ng'ombe ikalephera kubereka, ine ndi satifiketi yanga ndinkaima pambali, iwo n'kupinda malaya, kuyankhula nayo motsitsa, mwana n'kutuluka wamoyo.

Mwambo unangoyamba wokha woti kamwana kamene a Likaka akapulumutsa, dzina atche ndi iwo. Apa m'pamene tinkakangana. Kwathu kuno ng'ombe timazitcha mayina a ng'ombe, monga Mawanga kapena Nyangazatha. Iwo ankatcha mayina a anthu, ndipo anali anayi okha: Esinala, Filipo, Mwandida ndi Tereza. Kamphongo kalikonse kanali Filipo. Kathole kanali Esinala, Mwandida kapena Tereza, akatha n'kuyambiranso. M'kaundula mwanga munadzaza chisokonezo, a Mwandida asanu m'makola osiyanasiyana, ndipo bwana wanga wa nthawi imeneyo, mayi Kalua, anandifunsa ngati ndayamba kumwa. Mayi wina wa m'mudzimo dzina lake Tereza anabwera kudzadandaula kuti ana akumuseka, ati ng'ombe ya a Jelemiya ndi mnzake wa dzina.

"A Likaka," ndinawafunsa tsiku lina, "kodi mayina anatha padziko pano? Tchaniko ina Mawanga, mundipumitse."

"Alangizi, amene ndimawadziwa ine ndi amenewa," anayankha, n'kupitiriza kutsuka ndowa.

Ndinaseka, n'kulemba Mwandida wachisanu ndi chimodzi.

1995 mpaka 2004

Zaka zimenezi zinali zovuta pa ntchito. Mankhwala a dibi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anatiuza kuti alimi azidzigulira okha kudzera m'makomiti. Miyezi ina dibi linkakhala lopanda mankhwala mpaka achule kuikiramo mazira. Mayi Kalua ankabwera pa galimoto ya ofesi, kuyang'ana m'dzenjemo, n'kunena kuti, "Bambo Phiri, ndilibe choti ndikuuzeni." Akuba nawo anatha makola ambiri. Ine ndi a Likaka tinkayenda khola ndi khola, kuchotsa nkhupakupa ndi manja m'makutu ndi pansi pa mchira, n'kudya chinangwa chootcha panjira. Tinkacheza za mvula, za mpira wa pawailesi, za ng'ombe. Ndayesa kukumbukira ngati ndinawafunsapo za kwawo, ndipo ndapeza kuti sindinawafunse ngakhale kamodzi. Ankangotchedwa a kumwera, ndipo kwa ine zinali zokwanira.

Mu 1995 anakwatira mayi wamasiye wa m'mudzi wa pafupi ndi dibi, a Nabanda, n'kukhala mkamwini. Ankhoswe awo anali kapitawo wa pa esiteti, amene pambuyo pake anachoka osatsanzika. Mwana sanaone. A Nabanda anamwalira mu 2004, ndipo mbiri yawo ndinawerenga ndine. Atameta maliro, akuchikazi anachita mwambo wosudzula, umene umamasula wotsalayo kuti ukwati watha, abwerere kwawo akayambe moyo wina. Sanawachitire nkhanza, anawapatsa mphasa, khasu ndi thumba la chimanga. Tinkayembekeza kuwaperekeza ku basi. M'malo mwake ndinawapeza m'mawa akusesa kanyumba kosungiramo mankhwala padibi paja.

"Simukupita kwanu?" ndinafunsa.

"Ng'ombe ya a Jelemiya ili pafupi kubereka," anatero.

Ndinawapatsa kiyi. Malamulo a ntchito sankalola munthu kugona m'nyumba ya mankhwala, koma mankhwala ake munalibe. Anakhalamo zaka khumi.

Okutobala 2014

Anayamba kutsokomola m'nyengo yozizira, akukana kupita kuchipatala, mpaka Lachinayi lina ndinawamangirira kumsana kwanga ndi chitenje pa njinga yamoto ya ofesi n'kupita nawo. Anamwalira masana a tsiku lomwelo, ine nditatuluka kukawagulira nthochi. Kalaliki wa kunyumba yachisoni anatsegula buku lake mwaulemu n'kundifunsa dzina la malemu. Ndinati Likaka. Anafunsa dzina loyamba. Sindinkalidziwa. Anafunsa mudzi, mfumu yaikulu, boma, wachibale. Ine, munthu wodziwa agogo a ng'ombe iliyonse kuyambira ku Mitundu mpaka m'mphepete mwa Dzalanyama, ndinaima pamenepo ngati mwana wa sitandade wani. Kalaliki uja anandiuza mosabisa kuti thupi likakhala nthawi popanda mwini, limatengedwa n'kukaikidwa pamodzi ndi ena osadziwika, popanda nyimbo, popanda chizindikiro. "Pezani abale, bambo," anatero.

Lachisanu ndinapita kwa a Gibisoni, mlongo wawo wa malemu Nabanda. Ndinkaganiza kuti nkhani yake ndi yaifupi, a Likaka akagona pafupi ndi mkazi wawo. A Gibisoni anandipatsa mpando, anamva zonse, n'kupukusa mutu.

"Alangizi, munthu uja tinamusudzula dzuwa likuswa mtengo, inu muli pomwepo. Si wathunso. Adzukulu sangakumbe popanda mwini maliro wowalozera malo. Ndipo tikamuika ife, abale ake akadzatulukira n'kufunsa kuti anakulolani ndani, tidzayankha chiyani? Umenewo ndi mlandu."

"Abale akewo ali kuti?"

"Ife timayesa mukudziwa ndinu. Si inu munkayenda naye?"

Ndinazungulira mudzi wonse. Wina anati a Likaka anali a ku Mulanje, wina anati ku Machinga, wina anati anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Ku esiteti mabuku akale anadyedwa ndi chiswe, ndipo matenanti a nthawi yawo anabalalika. Ndinasiya uthenga kwa mlonda kuti aliyense wowadziwa abwere. M'kanyumba kawo munali mphasa, khasu lija, poto ndi chingwe chokokera ana a ng'ombe. Kapepala ngakhale kamodzi munalibe. Munthu anakhala pakati pathu zaka zoposa makumi awiri, analowa m'khola la aliyense, anadya m'mbale zathu, ndipo panalibe mmodzi wodziwa dzina limene mayi ake anamutcha. Ndinachita mantha ndi mudzi uja, koma kwambiri ndinachita mantha ndi ine mwini.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kwathu ku Nathenje kukaonana ndi azakhali anu aakulu, a Naphiri. Amalume anali atamwalira kale, mwini mbumba ndinali ine, koma inu mukuwadziwa azakhali anu: chinthu sichichitika pamudzi paja iwo asanagwedeze mutu. Ndinawapeza akusenda nandolo.

"Achimwene, mwazungulira mutu?" anatero nditafotokoza. "Manda athu si gowelo loti aliyense n'kugonamo. Munthu osadziwa mtundu wake, osadziwa chimene anathawa kwawo, mukamugoneke pafupi ndi amayi? Nanga eni ake akabwera?"

"Akabwera mlandu ndi wanga. Ndikasaina kuchipatala kuti ndi mkulu wanga."

"Mukanama pamaso pa boma, inu wantchito wa boma, kutatsala zaka zitatu kuti mupume?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa ndinali nditaliganizira njira yonse. Zaka makumi atatu sindinalembepo bodza m'buku la boma, ngakhale la ng'ombe imodzi. Koma ndinawauza kuti malo amene ndikupempha si a munthu wina, ndi anga, amene ndikanadzagona ine. Ine adzandipezera pena. Anaika nandolo pansi. Kenako anati, "Maliro n'kulirana. Pitani mukauze amfumu, ine ndikauza amayi a mpingo. Koma mbiri mukawerenge nokha, tione chimene mukanene." Madzulo ake ndinabwerera kuchipatala, ndipo pamzere wa wachibale ndinalemba dzina langa.

Maliro anali Lolemba. Alimi a ku dibi anabwera pa lole yodzaza, a Gibisoni ali momwemo atanyamula thumba la ufa. M'mawa umenewo ndinakhala kuseri kwa nyumba ya azakhali anu ndi pepala pabondo. Ndinalemba kuti Malemu a Likaka, n'kuima. Anabadwa liti, sindikudziwa. Kwawo, sindikudziwa. Wasiya ana angati, ndinalemba kuti palibe. Ndili choncho, mayi anu anabwera ndi mayi wina wokalamba, wopyapyala, wovala mpango wofiira, amene anakwera nawo lole ija pa esiteti. Anati dzina lawo ndi mayi Nasiyaya, ndipo uthenga wa mlonda unawapeza Lamulungu.

"Ndamva kuti mukufuna wodziwa a Wailesi," anatero atakhala pansi.

"A Wailesi ndani, mayi?"

"A Wailesi Likaka. Tinabwera lole imodzi kuchokera ku Phalombe. Midzi yathu inali yoyandikana, m'munsi mwa phiri la Michesi."

Ndinalemba dzinalo msangamsanga, ndi manyazi. Ndinafunsa ngati kuli abale oti tiwatumizire uthenga. Mayi aja anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Kulibe, bambo. Chaka cha napolo, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri, iwo anali atapita pa njinga ku Chilwa kukagula nsomba. Pobwera anapeza pamene panali nyumba pali miyala yokhayokha. Mkazi ndi ana atatu, ndi abale ena, onse. Anakumba ndi manja masabata awiri, sanapeze ngakhale mmodzi woti amuike m'manda. Ndiye atamva kuti kuli lole yotenga anthu a fodya, anangokwera."

Pamenepo ndinakumbukira tsiku losudzula lija, ife tonse titakonzeka kuwaperekeza ku basi kuti azipita kwawo. Ndinafunsa mayi aja chifukwa chimene sananenere zaka zonsezi.

"Palibe anandifunsa," anatero. "Iwonso ndikhulupirira palibe anawafunsa."

Safunsa anadya phula, akulu anatero, ndipo ine ndinalidya tsiku limenelo. Ndinafufuta mawu aja akuti palibe, n'kupempha kuti anditchulire mayina a mkazi ndi anawo, kuti mbiri ikhale yokwanira. Anawerenga pa zala.

"Mkazi anali Esinala. Woyamba Filipo. Kenako Mwandida. Wakhanda anali Tereza."

Cholembera chinagwa. Mayi anu akuti ndinaimirira n'kukhalanso pansi kawiri, ndipo anaganiza kuti ndikomoka. Ine chimene ndikukumbukira n'chakuti ndinaona masamba a kaundula wanga akutseguka m'mutu, chaka ndi chaka, mayina anayi omwewo olembedwa ndi dzanja langa, ena ndi inki yofiira imene ndinkalembera mokwiya. Zaka makumi awiri ndi chimodzi munthu ankanditchulira banja lake lonse, ine ndikulemba, ndikuseka, ndikumuuza kuti atcheko Mawanga. Sindinalire pa maliro a amayi anga mmene ndinalirira kuseri kwa nyumba ija.

Nthawi ya mbiri itakwana ndinaima pafupi ndi bokosi. Ndinawerenga dzina lonse, Wailesi Likaka, ndipo anthu a ku dibi anayang'anana, poti ankalimva koyamba. Ndinanena za Michesi, za njinga ya nsomba, za lole ya fodya. Nditafika pamene mwambo umati wasiya ana angati, ndinati, "Malemuwa sanasiye mwana. Anatsogoleredwa ndi mkazi wawo woyamba ndi ana atatu, amene alibe manda kulikonse. Ndiwatchula." Nditatchula Esinala, kunali zii. Nditatchula Filipo, ndinamva wina kumbali ya amuna akukoka mpweya. Pa Mwandida amayi anayamba kulira, kulira kwenikweni osati kwa mwambo, ndipo dzina lachinayi ananditchulira ndi anthu, chifukwa mawu anga anali atatha. Mayi Tereza, yemwe uja anadzadandaula za ng'ombe ya a Jelemiya, anagwa pansi n'kumadziguguda pachifuwa. A Gibisoni anavula chipewa, n'kunena motsitsa koma tonse tinamva: "Mwandida ali m'khola mwanga. Ndimati ndimugulitse mwezi wa mawa."

Azakhali anu, amene anati manda athu si gowelo, ndiwo anatsogolera adzukulu kukaloza malo. Sanaloze kumphepete kumene ndinkayembekeza. Analoza pafupi ndi amayi.

2014 mpaka lero

Lachiwiri lotsatira maliro aja ndinapita ku ofesi n'kukauza bwana wanga, mnyamata wa msinkhu wa mkulu wanu, kuti ndinasaina bodza kuchipatala ndipo ndinagoneka munthu m'nyumba ya mankhwala zaka khumi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati lipoti la katemera wa chiwewe ndamaliza. Nkhaniyo sanaitchulenso. Abale a a Likaka sanabwere, ndipo sindikuyembekeza kuti adzabwera. Ndinapuma ntchito mu 2017. Popereka katundu wa boma ndinabweza njinga yamoto, jombo ndi majekeseni, koma makaundula akale anayi anati ndi zinyalala, ndiye ndinawatenga. Ali m'sutikesi ya buluu pansi pa bedi, ndipo wina asadzayatsire moto.

Mbiri za pamaliro ndimawerengabe akandiitana, koma ndinasintha kachitidwe. Masiku ano ndimapita kwa okalamba akadali moyo, kukhala nawo pakhonde, n'kuwafunsa kwawo, mayina a makolo awo, ndi amene anawataya. Ena amandithamangitsa, ati ndikuwafulumizitsa kumanda. Ambiri amayankhula mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndadabwa kuchuluka kwa anthu a m'midzi yathuyi amene akungodikira wowafunsa. Mayi Nasiyaya ndinawafunsa zawo zonse, ndipo atamwalira chaka chathachi pepala langa linadzaza mbali zonse ziwiri.

A Gibisoni sanagulitse ng'ombe ija. Inafa ndi ukalamba, ndipo mwana wake wamkazi anamutchanso Mwandida popanda wowauza. Ndamva kuti m'makola a kumadzulo kwa Mitundu mayina anayi aja akadalipo, ngakhale abusa a masiku ano sadziwa chiyambi chake.

Tsono inu ana anga, mukapita kumanda a kwathu ku Nathenje mudzaona chiliza pafupi ndi agogo anu, chimene ndinamanga ndi manja anga nditapuma ntchito. Pagona munthu mmodzi, koma palembedwa mayina asanu. Musadzati womanga analakwitsa, ndipo polambula manda musadzachilumphe. Wina akadzakufunsani kuti ameneyu ndani, mudzanene zimene ndinasaina kuchipatala: ndi atate anu aakulu, ndipo enawo ndi mayi anu ndi abale anu.